Lipoti la msonkhano wa ku Hout Bay pa za akatumbu a m'nyanja ndi chiwewe

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a m'bungwe lathu,

Munandituma kuti ndikakumvereni ku msonkhano wa anthu okhala ndi kugwira ntchito kugombe kuno ku Hout Bay, mumzinda wa Cape Town ku South Africa. Ndinakhalako mpaka kutseka, ndipo ndikupempha kuti aliyense wowerenga lipotili akauzeko anzake a m'nyumba.

Nkhani inali ya akatumbu a m'nyanja, awa timangoti ma seal, abale a ma sea lion. Timawaona tsiku ndi tsiku atagona padoko, ndipo enanso ambirimbiri ali pachilumba cha Duiker kumene maboti amapita ndi alendo. Tinawazolowera ngati mbuzi za pamudzi. Koma mu Juni 2024 akatswiri anatsimikiza kuti ena mwa iwo ali ndi chiwewe, chomwechi timachidziwa kwa agalu kumudzi. Dokotala wa ziweto amene analankhula anati kachilombo kake ndi kofanana ndi ka nkhandwe za ku Namibia, kumene nkhandwe zimagwira ana a akatumbu m'mbali mwa nyanja. Ambiri tinakumbukira za katumbu uja analuma anthu pagombe la Clifton mu Januwale 2023, kanema wake nkufalikira m'mafoni.

Wamphongo wamkulu amapitirira makilogalamu 200, ndipo pamtunda si waulesi monga amaonekera. Amapindira zipsepse zakumbuyo kutsogolo nkuyenda ndi zonse zinayi. Ine ndinaonapo wina atadzambatuka pamatabwa a padoko, mnyamata wonyamula bokosi la nsomba nkuponya zonse pansi.

Za kuwadyetsa zinatenga nthawi yaitali, mawu anakweranso. Lamulo limaletsa kuwadyetsa kapena kuwasautsa, koma tonse tikumudziwa munthu woluma nsomba pakamwa kuti katumbu aitsomphole, alendo ajambule, iye alandire kangachepe. Ndikumvetsa kuti ndi njala. Komabe nditamva za chiwewe, mtima wanga sukulolanso kuti wathu aliyense achite zimenezi.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi ichi. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale kabala kakhale kakang'ono, atsuke ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera amabayidwa kanayi pa masiku osiyana, ndipo bala likakhala lotuluka magazi amabayanso mankhwala ena pabalapo. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi ndi kubwebweta kuja, palibenso mankhwala, munthu amamwalira. Ndili pampando paja ndinaganiza za abale athu amene mapepala awo anatha, amene amalolera kumanga bala ndi nsanza poopa kufunsidwa pasipoti. Abale anga, malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi kuchipatala. Wamantha aimbire wa komiti, timuperekeze. Ine ndadzipereka kale.

Inu amene mumayendetsa agalu a mabwana anu kugombe m'mawa, galu akhale pachingwe. Akaona katumbu wakufa pamchenga amathamangira kukanunkhiza, ndipo poti mumukoke, dzanja lanu ndi limene limafika pafupi. Funsaninso abwana ngati galuyo anabayidwa katemera, pakuti kuno ndi lamulo. Katumbu wakufa kapena wooneka wosokonezeka musamugwire, ngakhale kamwana kooneka komvetsa chisoni. Dziwitsani a mzinda wa Cape Town kapena a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza.

Zina zinali za zikwangwani za pagombe, zimene sizitikhudza kwenikweni.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti pa msonkhano wathu wotsatira mundipatse mphindi zochepa ndifotokoze izi pakamwa, makamaka kwa anyamata a m'maboti ndi amayi amene amapita ndi ana kugombe Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Tisankhenso anthu awiri, mayi ndi bambo, amene aziperekeza wolumidwa kuchipatala ine ndikakhala kuntchito.

Ine nthumwi yanu.