Chilengezo: Zokambirana za Loweruka lino

Amayi ndi abambo, mamembala nonse,

Tikumane Loweruka lino nthawi ya 2 koloko masana, pamalo athu a masiku onse pa Salima boma. Mutu wake ndi wolemerako: nkhondo ikatha, nkhanza zimalowera kuti?

Tiyambira kwa anansi athu a ku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha ndi pangano la mtendere lomwe anasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni atathawira kuno kwathu. Komatu mfuti sizinathe tsiku lomwelo. Zambiri zinabisidwa m'midzi, mpaka mu 1995 mipingo inayamba kuzisinthitsa ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Ndiye taganizirani mnyamata amene anagwidwa ali mwana kuti akamenye nkhondo n'kukulira kutchire. Lero ndi bambo wapabanja, ntchito alibe, usiku tulo sabwera. Mkangano wa ndalama ya ndiwo umathera pati m'nyumba imeneyo? Kuno kwathunso, akuluakulu ena pakati pathu anaona ndi maso zimene Apayoniya, gulu la achinyamata la nthawi ya Kamuzu, ankachita asanalandidwe zida mu Disembala 1993, ndipo ine ndimakayika ngati dzanja lozolowera kumenya anthu pamsika limafewa likafika pakhomo.

Tikatero tiona lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, komanso mmene Victim Support Unit, nthambi ya kupolisi yoona za ochitiridwa nkhanza, imathandizira.

Chonde, pofotokoza zimene munaona musatchule maina a anthu. Abambo, musatumize amayi okha ngati ulendo watha uja. Ya tiyi osaiwala.

Mlembi