Kwa makasitomala athu: za mazira ndi khola lomwe tatseka

Amayi ndi abambo olemekezeka,

Kalata iyi ndikulemba mtima ukundiwawa, koma ndi bwino nkhaniyi muimve kwa ine mwini, osati m'manong'onong'o a kumsika wa Mbare Musika muno mu Harare. Kuyambira Lolemba likudzali, thireyi ya mazira 30 ichoka pa $4 kufika pa $5, ndipo mazira akhala operewera kwa miyezi pafupifupi isanu.

Tinagula anapiye 500 oikira mazira kwa munthu amene takhala tikumudalira zaka zambiri. Sabata isanathe, m'mawa uliwonse ndinkatola anapiye akufa pafupi ndi mbaula. Amoyowo ankaunjikana pakona atagwetsa mapiko, kumbuyo kutamata zitosi. Ena akufalitsa kuti ndi chitopa. Si chitopa ayi. Akufawo ndinawatengera ku Central Veterinary Laboratory ku Borrowdale Road, komwe amayeza matenda a ziweto, ndipo anapeza mabakiteriya otchedwa Salmonella Enteritidis, omwe amatha kuchoka kwa make kulowa m'dzira mwanapiye asanaswe.

Wotigulitsayo nditamuuza, anati vuto ndi ine, eti sindinafunditse bwino anapiye. Ine amene ndinkagona m'kholamo, kudzuka usiku wonse kuwonjezera makala magetsi atazima! Nditamupempha pepala losonyeza kuti nkhuku zake zoswetsa zinalandira katemera, mpaka lero foni sakuyankha, ndalama sanabweze ngakhale senti. Katemerayo si nkhani yaing'ono. Nkhuku yobayidwa katemera imaika chitetezo chake m'chikasu cha dzira, ndipo chimenecho ndicho chimamuchinga mwanapiye masabata awiri kapena atatu oyamba, chitetezo chakechake chisanakhwime.

Ambiri mwandifunsa kuti bwanji ndinapha ngakhale amene anapulumuka, pomwe ankadya bwino ndi kuthamangathamanga. Funso limeneli nanenso linandisowetsa tulo. Salmonella ikalowa m'matumbo, thupi la nkhuku limatumiza maselo oyera otchedwa heterophils kukamenyana nayo, kenako maselo ena akuluakulu, ma macrophage, amaimeza. Koma kachilomboka kamatha kukhalabe ndi moyo m'kati mwa selo lomwe lakameza, n'kutengedwa mpaka kuchiwindi ndi kukapamba. Pakapita masiku, kutupa kwa m'matumbo kumazirala, thupi n'kungokalekerera. Nkhukuyo imaoneka yathanzi, koma ikutulutsabe tizilombo m'zitosi. Ndiye ikamayandikira kuikira, cha pa masabata 18 mpaka 20, chitetezo chake chimatsikako, ndipo apa mpamene tizilombo tingafike m'njira ya mazira n'kulowa m'dzira lenilenilo, chikamba chili chosasweka. Mankhwala othira m'madzi amangochepetsa imfa, tizilombo sawatimaliza. Dzira loterolo likapanda kupsa bwino limatsegula munthu m'mimba ndi kumutenthetsa thupi, makamaka ana ndi agogo. Sindikanatha kumupatsa mayi wophikira ana ake dzira lotero, kenako Lamlungu n'kukapatsana naye moni kutchalitchi.

Choncho zonse zinaphedwa n'kukwiriridwa. Utuchi tinawotcha, khola tinatsuka ndi mankhwala, ndipo tatchera makoswe ponseponse chifukwa nawonso amanyamula matendawa. Ndalama ya anapiye, ya chakudya ndi ya makala yalowa m'madzi, pomwe ngongole ya chakudyacho ndikulipirabe. Anyamata anga awiri sindinawachotse ntchito, ali ndi mabanja ku Epworth.

Mazira omwe tikugulitsa pano ndi a khola lakale, lomwe lili patali ndi linalo ndipo linayezedwa osapezeka kanthu. Komabe muziwaphika mpaka chikasu chilimbe.

Zina zosintha ndi izi: ngongole tayamba taimitsa, mulipiriretu ndalama pamanja kapena pa foni kudzera pa EcoCash. Mathireyi akale apepala musabwere nawonso, sitingawatsuke. Kulowa m'khola kukasankha nokha kwatha, tizikumana pageti. A ku Mufakose ndi ku Highfield tizikubweretserani Lachisanu lokha.

Ena a inu munayamba kugula kwa ife mu 2017, chimfine cha mbalame chitasowetsa mazira mu Harare muno, ndipo simunatisiye. Ndikudziwa kuti pena mupeza thireyi yotsikirako mtengo, ndiponso kuti dola imodzi masiku ano si yamasewera. Chonde tipirireni miyezi imeneyi. Anapiye atsopano ndikagula pokhapokha nditaona pepala la katemera ndi maso anga, ndipo aliyense wofuna kuliona ndidzamuonetsa.

Ndine wanu,
Mwini khola, Dzivarasekwa