Fani ya pa loboti iziyang'ana pansi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yatenga mitima ya ana athu a sekondale kuno ku Harare, makamaka amene akukonzekera mipikisano ya maloboti. Ambiri mwa iwo, poona mmene ma drone amaulukira, akukhulupirira kuti akamangirira fani kumbuyo kwa loboti, idzathamanga kuposa ya anzawo imene mota yake imayendetsa matayala. Monga mphunzitsi wa sayansi ndimanyadira ana oganiza chonchi, koma ndikuona kuti fani akuilozetsa kolakwika.

Zoti fani ingayendetse loboti n'zoona, chifukwa ikakankha mpweya kumbuyo, mpweyawo umaikankha kutsogolo, monga mwa lamulo lachitatu limene Isaac Newton analemba mu 1687. Vuto ndi lakuti mpweya ndi wopepuka kwambiri. Tayala la labala likagwira bwino pansi, limakankha ndi mphamvu yoyandikira kulemera kwa loboti yonse, pamene kafani ka mu kompyuta yakale, aja amene ana amatola kwa ogulitsa zitsulo ku Siyaso ku Mbare, mukakaika pa sikelo ya kukhitchini n'kukayatsa, sikelo imangosuntha ndi magalamu owerengeka. Mwana akafuna mphamvu yochuluka amathamangira mota ya drone, ndipo apa m'pamene masamu amamutembenukira: fani ikazungulira mwaliwiro lowirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza ka 4, koma magetsi ofunika amawirikiza ka 8. Batire imatentha n'kutha mpikisano uli mkati. Choipa kwambiri n'chakuti fani ilibe mabuleki, moti loboti ikafika pokhota imangopitirira mpaka kukagunda khoma.

Palinso china chimene mavidiyo a pa intaneti sangawauze ana athu. Mzinda wa Harare uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wathu ndi wopepukirapo ndi 14 peresenti kapena kuyandikira apo poyerekeza ndi wa ku Beira, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique. Fani yomweyo, ikamazungulira mwaliwiro lomwelo, kuno imakankha moperewera ndi mlingo womwewo, choncho manambala a pa bokosi asawadalire asanayese okha.

Komabe sindikunena kuti fani itayidwe. Akaitembenuza kuti iziyamwa mpweya wa kunsi kwa loboti, n'kutchinga m'mbali ndi kasiketi ka pulasitiki kokhudza pansi, lobotiyo imakakamira pansi ngati nkhupakupa pa ng'ombe, matayala amagwira mwamphamvu koma kulemera kwake sikunawonjezeke kwenikweni. Ikatero imanyamuka msanga, imakhota osaterereka, ndipo imaima pamene mwana wafuna. Timaloboti ta mpikisano wa Micromouse tothamanga kwambiri ku Japan timachita zimenezi pofunafuna njira m'timakwalala tokhotakhota. Nzeruyi inaonekanso pa mpikisano wa magalimoto mu 1978, pamene Niki Lauda anapambana ku Sweden ndi galimoto ya Brabham BT46B, imene Gordon Murray, wobadwira ku Durban, anaiika fani yaikulu kumbuyo yoyamwa mpweya wa kunsi. Galimotoyo inapikisana kamodzi kokha n'kuichotsa, opikisana nayo atadandaula kwambiri.

Aphunzitsi anzanga, mwana akabwera ndi ganizo la fani tisamuyankhe kuti sizitheka, chifukwa tikatero sadzabweranso ndi ganizo lina. Timupatse sikelo, wochi ndi kope, ayese loboti yokankhidwa ndi fani, kenako ayese yoyamwa, alembe zimene waona ndipo asankhe yekha.

Kwa okonza mipikisano m'sukulu zathu, pempho langa n'lakuti malamulo anene poyera ngati fani ikuloledwa kapena ayi, miyezi ingapo tsiku lisanafike, kuti makolo a ku Mufakose kapena ku Highfield amene alimba mtima kugula zipangizo asadzamve pa khomo la holo kuti loboti ya mwana wawo yakanidwa. Ngati ikuloledwa, mapiko ake akhale m'kati mwa sefa ya waya yoti chala cha mwana sichingalowe, pakhale switchi imodzi yoonekera yozimitsira zonse, ndipo mabatire a lithium, amene amayaka moto akabooka kapena akatchajidwa mopitirira, azitchajidwa pali munthu wamkulu.

Mphunzitsi wa sayansi,
Mufakose, Harare