Kalata kwa Nduna ya za Nsomba ndi Ziweto: chigodola sichidzera pa geti ya Mwami

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mmodzi mwa alimi oweta nkhumba kuno ku Chipata, ndipo ndakulemberani pa nkhani ya chigodola, matenda opha nkhumba.

Akatswiri a ziweto amati m'Zambia muno matendawa anayamba kudziwika mu 1912, kuno komwe, tauni ino ikutchedwa Fort Jameson. Papita zaka zoposa 100 koma chigodola chidakali nafe. Boma linaletsa kalekale kutulutsa nkhumba ndi nyama yake m'chigawo chino, ndipo aliyense woyenda ulendo wa ku Lusaka amadziwa chipikisheni cha pa mlatho wa Luangwa. Lamulolo sindikulitsutsa. Matendawa atabuka ku Kabwe mu 1989, kenako ku Lusaka mu 1993 ndi mu 2013, tonse tinamva kulira kwa eni mafamu. Koma geti ya pa Luangwa imatchinjiriza okhala tsidya lija. Nanga ife a tsidya lino, otsamirana ndi Malawi ndi Mozambique, wotitchinjiriza ndani?

Mu 2022 atsogoleri a Zambia ndi Malawi anatsegulira chipata chamakono cha pamalire a Mwami ndi Mchinji. Malole akudutsa msanga, tikuyamikira. Koma nkhumba ya kumudzi siima pamzere wodinditsa mapepala. Imamangidwa pakaliyala ya njinga mbandakucha, n'kudzera kanjira ka m'dimba. Ku Vubwi, ku Chadiza, ku Lundazi, ngakhale cha ku Chanida, malire anadula pakati pa mabanja. Malume ali ku Mchinji, mphwawo ali kuno. Kukagwa maliro tsidya lina, achibale amanyamula ufa ndi ndiwo, pobwera n'kutengako kanyama kotsala. Wofuna kuti nkhumba yake itenge bere amakabwereka yamphongo kwa mlamu wake, osafunsa kuti kholalo lili dziko liti. Palibe msilikali angaletse zimenezi, ndipo ine sindikupempha kuti aziletse ndi mfuti.

Kuipa kwa chigodola n'koti chilibe mankhwala, ndipo katemera woti mlimi wa kuno n'kugula kulibe. Nkhumba imatentha thupi, imaleka kudya, makutu ndi kumimba zimafiira, pakangopita masiku ochepa khola lonse lili zii. Munthu sichimugwira, ndipo apa m'pamene pagona vuto. Poti nyamayo siidwalitsa munthu, mlimi akaona imodzi yagwa amathamangira kupha zotsalazo n'kugulitsa motchipa kwa anyamata ootcha kanyenya. Kachilomboko kamakhala kamoyo m'nyama kwa milungu, m'nyama yofutsa kapena youmitsa m'firiji miyezi kumene. Madzi otsukira mpeni, makombo otayidwa kudzala, nsapato za wogula amene walowa makola asanu tsiku limodzi, zonsezi zimafesa matenda. Kwinaku nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola akale zimakasunga kachilomboko zaka. Ofufuza anazipeza kale m'makola a ku Mchinji.

Mlimi wotere musafulumire kumunena kuti ndi mbuli. Nkhumba kwa ife ndiyo banki: feteleza, yunifomu ya mwana, bokosi la maliro, zonse zimachokera m'khola. Iye amadziwa kuti akakanena, misika itsekedwa, anzake amuda, ndipo iyeyo atsala chimanjamanja. Lamulo la Animal Health Act la 2010 limafuna kuti matenda otere azinenedwa msanga. Kuti lamulolo ligwire ntchito kumudzi, wonena msangayo azipezako kanthu, kaya chipukutamisozi, kaya ana a nkhumba oyambirapo khola likayera. Popanda zimenezo mbiri izikufikani matenda atadutsa kale midzi khumi.

Chachikulu chimene ndikupempha ndi ichi: madokotala a ziweto a ku Chipata, a ku Mchinji ndi a ku Tete akhale ndi njira yokhazikika youzirana tsiku lomwelo matenda akabuka. Uthengawo usamachite kuzungulira ku Lusaka ndi ku Lilongwe pamene a ku Chipata ndi a ku Mchinji atalikirana ulendo waufupi chabe. Kutseka msika kuno pamene wa tsidya lina uli chitsegukire n'kutunga madzi ndi dengu. Akatseka, atsekere limodzi. Akatsegula, atsegulire limodzi, ndipo wailesi monga Breeze FM zilengeze m'chinenero chathu.

Musawaiwale mafumu. Mu Ogasiti chaka chilichonse mafumu a Achewa a mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mawu otuluka kumeneko amamveka mbali zonse za malire, kumene kalata ya unduna siifika. A nyakwawa akalamula kuti nkhumba yofa yokha ikwiriridwe dzenje lakuya, kuti yogula kumene ikhale payokha milungu inayi, ndi kuti kulekerera nkhumba m'chilimwe kuthe, anthu adzamva. Komatu kutsekera nkhumba kumafuna gaga, ndipo chaka cha njala gagayo anthu timalimbirana ndi ziweto. Alangizi anu abwere ndi nzeru ya zakudya zina zimene mlimi wosauka angakwanitse, ndipo apatsidwe mafuta a njinga zamoto kuti azifika ku midzi ya m'malire dzinja lisanatseke misewu.

Ine wanu,
Mlimi wa nkhumba, Chipata