Lipoti la msonkhano wokhudza kasungidwe ka mapulogalamu ndi deta ya m'foni

Kwa wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Potsatira zomwe munagwirizana zoti ndikaimire gulu lathu pa msonkhano wophunzitsa kasungidwe ka mapulogalamu ndi deta ya m'mafoni amakono, ndikupereka lipoti ili kuti aliyense amve zomwe zinakambidwa, komanso kuti komiti ipeze poyambira pounika momwe tikusungira zolemba zathu. Sindinalembemo zonse, chifukwa mbali zina, monga kuyerekeza mitundu ya mafoni, sizikukhudza ntchito yathu. Ndatsindika pa zimene zidzatithandize tsiku limene foni ya mlembi kapena ya msungichuma idzabedwe, idzagwere m'madzi kapena idzangozima osayakanso.

Mfundo imene ndinaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse ndi yakuti munthu akhoza kukhala ndi backup yabwinobwino, kutanthauza kope la zinthu za m'foni losungidwa kwina, koma n'kutaya zonse, ngati walephera kulowa mu akaunti imene backup yakeyo ili, kapena ngati ankaganiza kuti foni ikusunga zinthu zimene siinkasunga. Pafupifupi chilichonse chimene ophunzitsa anatifotokozera chinkabwerera pa mfundo imeneyi.

Tinayamba ndi mapulogalamu. Ambiri mwa ife tinkaganiza kuti backup imakopera pulogalamu yonse monga ilili, koma si mmene zimakhalira. Pa foni ya Android, chimene chimapita ku akaunti ya Google ndi mndandanda wa mapulogalamu amene muli nawo pamodzi ndi deta yochepa ya pulogalamu iliyonse, ndipo mukagula foni ina mapulogalamuwo amatsitsidwanso mwatsopano kuchokera ku Play Store. Njira yosunga deta ya mapulogalamu payokha inayamba ndi Android 6.0 m'chaka cha 2015, ndipo pulogalamu iliyonse imaloledwa kusunga 25 MB yokha basi. Kuwonjezera apo, amene anapanga pulogalamuyo ali ndi ufulu wokana kuti deta yake isungidwe, n'chifukwa chake mapulogalamu ambiri a kubanki amafuna kuti mulowemonso ndi kudzitsimikizira mwatsopano pa foni ina iliyonse. Pulogalamu imene mnzanu anakutumizirani ngati failo, imene ku Play Store kulibe, siidzabweranso yokha. Pa iPhone zinthu zimayenda mofananako: iCloud, malo osungira zinthu pa intaneti a kampani ya Apple, imasunga deta ya mapulogalamu, koma mapulogalamu eni akewo amatsitsidwanso ku App Store, ndipo ngati ina inachotsedwako mwina simudzaipezanso.

Kenako tinakambirana za malo osungira. Akaunti ya Google imapatsa munthu 15 GB yaulere, koma malo amenewa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos, pamene iCloud ya Apple imapereka 5 GB yokha. Kale zithunzi zochepetsedwa pang'ono kukula zinkasungidwa ku Google Photos popanda malire, koma zimenezi zinatha pa 1 June 2021, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 2024 backup ya WhatsApp pa Android nayonso inayamba kuwerengedwa pa 15 GB yomweyo. Zotsatira zake n'zakuti munthu amene ali m'magulu ambiri otumizirana mavidiyo akhoza kudzaza malo ake osadziwa. Malowo akadzaza backup imaima, ndipo Gmail imasiya kutumiza ndi kulandira makalata, zomwe kwa mlembi wa gulu ndi vuto lachiwiri lobwera pamwamba pa loyamba.

Chinthu china chimene ndikupempha mamembala kuti achimvetse ndi nthawi imene foni imapanga backup payokha. Kawirikawiri imadikira kuti ikhale pa tchaja, ilumikizike ku Wi-Fi, ndiponso ikhale kuti palibe akuigwiritsa ntchito. Munthu amene amadalira bandulo yokha, osalumikiza ku Wi-Fi, akhoza kukhala miyezi yambiri batani la backup lili loyatsa koma popanda chilichonse chimene chasungidwa, pokhapokha atalola yekha mu Settings kuti foni izigwiritsa ntchito bandulo. Ophunzitsa anatiuza tonse kuti titsegule mafoni athu pomwepo n'kuona tsiku limene backup yomaliza inachitika, ndipo panapezeka anthu amene tsiku lawo linali la kalekale ngakhale ankakhulupirira kuti zonse zili m'malo. Kuona tsiku limenelo sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo m'maganizo mwanga ndi chizolowezi chothandiza kwambiri pa zonse zimene tinaphunzira.

Pamene panachedwetsa msonkhano ndi pa kusiyana kwa backup ndi sync, ndipo panayeneradi kuchedwa. Google Photos ndi iCloud Photos ntchito yawo yaikulu ndi kuonetsetsa kuti zimene zili m'foni zikufanana ndi zimene zili pa intaneti. Choncho mukafufuta chithunzi mkati mwa pulogalamuyo poganiza kuti mukungopeza malo m'foni, chimafufutikanso ku akaunti ndi pa zipangizo zina zonse zolumikizidwa ku akauntiyo. Chipulumutso chimene chilipo ndi chakuti zofufutidwa zimayamba zakhala mu bini kwa kanthawi, masiku 60 ku Google Photos ngati chithunzicho chinali chitasungidwa kale ku akaunti, ndi masiku 30 ku iCloud, koma nthawiyo ikadutsa palibenso kochipeza. Amene akufuna kupeza malo m'foni popanda kutaya zithunzi agwiritse ntchito batani la Free up space la mu Google Photos, limene limachotsa m'foni zokhazo zimene zafika kale ku akaunti. Manambala a anthu nawonso amayenda ndi sync, moti mwana akaseweretsa foni n'kufufuta manambala, amasowa paliponse. Ndinaona kuti zimenezi zikutikhudza mwachindunji, popeza zithunzi za malisiti ndi za mapepala osainidwa a gulu lathu zili m'mafoni a anthu awiri kapena atatu, ndipo palibe kope lina limene silingafufutike ndi chala cholakwika.

WhatsApp inapatsidwa nthawi yakeyake chifukwa ndi mmene magulu ambiri amasungira zokambirana zawo. Pa Android backup yake imapita ku Google Drive, pa iPhone imapita ku iCloud, ndipo kuti mauthenga abwerere pa foni yatsopano pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti yomweyo. Funso lakuti mukufuna kubwezeretsa mauthenga limabwera pamene mukuika WhatsApp pa foni yatsopanoyo, ndipo apa m'pamene ambiri amapupuluma. Mukalidumpha n'kuyamba kucheza, backup yatsopano yopanda kanthu ikhoza kulowa m'malo mwa yakale, chifukwa imene imasungidwa ku akaunti ndi yomaliza yokha. Ndiponso backup ya ku Google Drive singatsegulidwe pa iPhone, ngakhalenso ya ku iCloud pa Android. Wosintha mtundu wa foni ayenera kusamutsa mauthenga mwachindunji mafoni onse awiri ali m'manja ndipo akugwira ntchito, mwachitsanzo kudzera mu pulogalamu ya Move to iOS. Izi zikutanthauza kuti amene foni yake ya Android yabedwa n'kugula iPhone sadzatha kubweza mauthenga ake pa iPhoneyo, ngakhale backup yake ili bwinobwino ku Google Drive.

Pa nkhani ya chinsinsi panali kusiyana maganizo. Kuyambira mu October 2021 WhatsApp imalola munthu kutseka backup yake ndi pasiwedi kapena ndi kiyi ya zilembo ndi manambala 64, kotero kuti ngakhale Google, Apple kapena WhatsApp yeniyeniyo sangathe kuwerenga zamkatimo. Ena mwa nthumwi ankati aliyense wosunga zinthu za anthu ena ayenera kuyatsa zimenezi popanda kukambirana. Ena ankati anthu amaiwala mapasiwedi kawirikawiri kuposa mmene amaberedwera zinsinsi, ndipo woiwala pasiwedi imeneyi foni itatayika palibe kampani imene ingamuthandize. Walira mvula walira matope. Ine ndinagwirizana ndi mbali yoyamba pa mafoni a akuluakulu a komiti okha, popeza muli mayina, manambala ndi nkhani za ndalama za mamembala, koma pokhapokha kiyiyo italembedwa pa pepala n'kusungidwa malo otetezeka foni isanatayike.

Apa m'pamene tinafika pa mutu wa akaunti, umene ndinautchula poyamba. Taganizirani munthu amene wagula foni ina, akufuna kulowa mu akaunti ya Google, koma pasiwedi anailemba kamodzi kokha zaka zapitazo, mwinanso anamutsegulira akauntiyo ndi amene anamugulitsa foni. Ngakhale ataikumbukira, ngati anayatsa chitetezo cha magawo awiri, chimene chimafuna nambala yotsimikizira kuwonjezera pa pasiwedi, nambala yotsimikizira idzatumizidwa ku SIM khadi kapena ku foni imene yabedwayo. Pofuna kupewa zimenezi, Google imalola munthu kutenga manambala apadera 10 ogwiritsa ntchito kamodzikamodzi, amene angathe kuwalemba pa pepala, komanso kulembetsa imelo ina kapena nambala ina yothandizira kubweza akaunti. Pulogalamu ya Google Authenticator, imene imatulutsa manambala otsimikizira polowa mu akaunti, inayamba kusunga manambala ake ku akaunti mu April 2023. Kale amenewa ankatayika limodzi ndi foni. Ambiri tinadabwa kumva kuti kuyambira pa Android 9 ya mu 2018, mbali ina ya backup imatsekedwa ndi PIN, pateni kapena pasiwedi ya pa sikirini ya foni yakaleyo, moti foni yatsopano imafunsa PIN ya foni imene inatayika. Amene amatsegula foni ndi chala nthawi zonse ayenera kuonetsetsa kuti PIN yake akuikumbukira.

Backup nayonso ili ndi nthawi yake yothera. Google imafufuta backup ya foni imene yakhala masiku 57 osagwiritsidwa ntchito, ngakhale zithunzi za ku Google Photos zimatsala, ndipo Apple ikhoza kufufuta backup ya iCloud ya chipangizo chimene chatha masiku 180 osapanga backup. Kuyambira mu December 2023, Google ikhozanso kufufuta akaunti yonse imene yakhala zaka ziwiri popanda wolowamo. Choncho amene foni yake yawonongeka ndipo akuyembekeza miyezi ingapo asanagule ina, asaganize kuti zonse zikumudikira.

Mbali yomaliza inali ya kusunga kope limene silidalira intaneti. Lamulo lodziwika pa nkhaniyi limati pakhale makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kutali ndi enawo. Kwa ife zikutanthauza kope la m'foni, la ku akaunti, ndi lina pa kompyuta kapena pa fulashi yosungidwa kwina. Zithunzi ndi mafailo a Android zimakoperedwa mosavuta ndi chingwe cha USB, manambala a anthu amatulutsidwa kukhala failo imodzi ya mtundu wa VCF imene foni iliyonse imawerenga, ndipo Google Takeout imalola munthu kutsitsa zonse za mu akaunti yake. Eni iPhone angapange backup yathunthu pa kompyuta kudzera mu pulogalamu ya Finder ya pa makompyuta a Apple, kuyambira pa macOS Catalina ya mu 2019, kapena mu iTunes pa Windows, ndipo akaitseka ndi pasiwedi imasunganso mapasiwedi amene ali m'foni. Za memori khadi ophunzitsa anachenjeza zinthu ziwiri: wakuba amaitenga limodzi ndi foni, ndipo ngati inakonzedwa kuti ikhale mbali ya memori ya mkati mwa foni, imakhala yotsekedwa moti foni ina kapena kompyuta singaiwerenge. SIM khadi imasunga manambala mazana ochepa chabe, dzina ndi nambala basi, ndipo sitiyenera kuidalira.

Tisanatseke, ophunzitsa anabwezeretsa backup pa foni yopanda kanthu tonse tikuona, ndipo zinaonekeratu zimene zinabwera zokha, monga manambala, mauthenga a SMS ndi mndandanda wa mapulogalamu, ndi zimene zinafuna kulowamonso pamanja. Ndikupempha kuti ifenso tichite chimodzimodzi pa msonkhano wathu wotsatira, pogwiritsa ntchito foni yakale imene mwini wake wavomereza kuti ifufutidwe, kuti mlembi ndi msungichuma aone ndi maso awo zimene zingabwerere. Foni imeneyo ichotsedwe kaye mu akaunti ya mwini wake isanafufutidwe, chifukwa mafoni a Android kuyambira pa 5.1, monganso iPhone, amakana kutseguka popanda akaunti yakale ngati afufutidwa mwa njira ina.

Ndikupemphanso komiti kuti iganizire zotsegula akaunti ya gulu, yosiyana ndi ya munthu aliyense, kumene malisiti, mndandanda wa mamembala ndi zolemba za misonkhano zizisungidwa, ndi kuti mwezi uliwonse zinthu zimenezi zizikoperedwa pa fulashi imene izikhala kwa munthu wina osati mlembi. Chimene ine sindingathe kugamula ndekha, ndipo chikufunika chigamulo cha komiti, ndi chakuti ndani azisunga pepala la pasiwedi ndi manambala apadera a akauntiyo, anthu angati azilidziwa, ndiponso pasiwediyo izisinthidwa motani pamene maudindo asintha pa chisankho. Ndikupempha wapampando kuti nkhaniyi iikidwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, ndipo aliyense wa m'komiti adzabwere ndi foni yake yotchaja komanso atatsimikiza kuti pasiwedi ya akaunti yake akuidziwa.