Aise, wagula chimbale cholakwika

Aise,

Uthenga wako ndaulandira ndipo ndaseka mpaka ana kundifunsa kuti adadi chachitika nchani. Kuno tonse tili bho, dzuwa lokha ndi limene likuotcha ngati tinalilakwira. Mayi ako ndinakumana nawo Lamulungu potuluka mtchalitchi, ali bwinobwino koma akudandaula kuti masiku ano ukumangotumiza mameseji osaimba, nde uwaimbireko iwe, akufuna kumva mawu ako.

Tsono iweyo, munthu amene unkandinyoza kuti ndimamvera nyimbo za azungu zongosokosera, lero Manchester yakusintha mpaka wakagula CD ya Oasis, gulu la rock la komweko, kkkk. Sindikudabwa, chibwererane cha ana a Gallagher aja, Noel ndi mng'ono wake Liam, eni ake a gululo, mu 2025 ndi ma show a ku Heaton Park ndikudziwa kuti mzinda onse unachita misala, munthu sungakhale pakati pawo osatengeka. Koma pa zimbale zonse ukatole Be Here Now? Ukuti unaipeza yotchipa mu shopu ya zinthu zakale ndipo inalipo yambirimbiri pa shelefu. Amwene, pamenepo sunadzifunse kuti bwanji anthu onsewo anaibweza? Ndiye ukuti wamvera nyimbo zitatu basi mutu waima ndipo ukufunsa ngati vuto ndi makutu ako. Makutu ako ali bwinobwino, khala pansi ndikuuze.

Chimenecho ndi chimbale chawo chachitatu. Choyamba, Definitely Maybe, chinatuluka mu 1994, anyamata asanaone ndalama, nyimbo zake zambiri Noel Gallagher anazilemba akadali munthu wamba, ina anailemba akugwira ntchito mu sitolo yosungiramo zipangizo atavulala phazi, kenako anakhala wonyamula katundu wa gulu la Inspiral Carpets. Chachiwiri, Morning Glory, cha 1995, ndi chimene chili ndi Wonderwall ndi Don't Look Back in Anger zimene ukumva anzako akukuwa ku pub, chinagulidwa makope oposa 20 miliyoni dziko lonse. Mu August 1996 anakaimba ku Knebworth masiku awiri, anthu 125,000 tsiku lililonse, ndipo amene anafuna matikiti anali oposa 2 miliyoni. Tangoganiza, anyamata a ku Burnage komweko kwanuko. Ukafika pamenepo ndani angakuuzenso kuti nyimbo iyi yatalika, idule?

Palibe, ndipo vuto lonse la chimbalecho lagona pomwepo. Noel anakalembera nyimbo zake pa chilumba cha Mustique, kumene kumapumulira anthu a ndalama zawo, kenako anayamba kujambula ku Abbey Road nkusamukira ku Ridge Farm, ndipo iye mwini wakhala akuvomera poyera kuti mu situdiyomo mankhwala ozunguza bongo a kokeni anali mbwee. Munthu amene wakoka zimenezo chilichonse chimene waimba chimamumvekera kukoma, nde gitala pamwamba pa gitala, pamwamba pakenso gitala ina, nyimbo ya My Big Mouth yokha akuti muli magitala okwana ngati 30 osanjikizana, besi osamveka nkomwe, kungokhala chiphokoso chimodzi cha shiiii kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimbale chonse ndi mphindi 71. Nyimbo yotsegulira yokha ikupitirira mphindi 7 ndipo ikuyamba ndi kulira kwa ndege, All Around the World ikupitirira mphindi 9, kolasi yomweyomweyo kuibwereza nkumangoikweza mawu, ndipo ikatha pomaliza penipeni pa chimbale akuibweretsanso kachiwiri ngati sitinaimve. Pachikuto wayiona Rolls-Royce ili mu dziwe losambiramo ija? Chithunzi chimenecho chikukuuza zonse usanaike nkomwe CD mu wailesi. Ngakhale Johnny Depp wa mafilimu uja analowamo, anaimba gitala pa Fade In-Out, poti nthawi imeneyo aliyense wotchuka amene wadutsa pafupi ankangoti lowani.

Chimene chimandiseketsa ine ndi atolankhani. Morning Glory chitatuluka ambiri anachinyoza, kenako anthu anachigula mwamisala iwo nkuchita manyazi, ndiye chachitatuchi chitafika anati ulendo uno sitigwanso mmbuna, onse kuyamikira, magazini ya Q mpaka kuchipatsa nyenyezi zonse 5. Chinatuluka pa 21 August 1997, Lachinayi, tsiku loyamba lokha ku UK chinagulidwa makope oposa 400,000, anthu kupanga mizere mmashopu. Patangotha masiku 10 Princess Diana anamwalira ku Paris, dziko lonse lili pa maliro, chimbale chodzitama chotere chinangokhala ngati munthu wovala suti ya ukwati pa siwa. Pofika Khirisimasi anthu anali atayamba kunong'onezana kuti kodi nanunso chikukutopetsani eti.

Koma chondipweteka kwambiri nchakuti nyimbo zabwino anali nazo, anangozimwaza. Nthawi imeneyo single, nyimbo yogulitsidwa payokha, imatuluka ndi nyimbo zina zoperekeza, ndiye Noel poganiza kuti chitsime chake sichidzaphwa ankaponya nyimbo zapamwamba ngati zoperekeza chabe. Acquiesce inaperekeza Some Might Say, The Masterplan inaperekeza Wonderwall, Half the World Away inaperekeza Whatever. Akanazisunga zimenezo chachitatu chikanakhala china. Anadzazisonkhanitsa mu 1998 pa chimbale chotchedwa The Masterplan, ndipo kwa ine chimenecho ndiye chachitatu chenicheni cha Oasis, ukachipeza gula osafunsa mtengo. Mu 2016 pomwe ankatulutsanso Be Here Now, Noel anayesa kuchikonza kuchotsa magitala owonjeza aja, anangokonza nyimbo imodzi yoyambayo nkusiya. Mwini wake kutopa nacho!

Usaganize kuti ndi Oasis yokha. Matendawa ndi akale ndipo amayamba mofanana, nyimbo za chimbale choyamba munthu amazilemba moyo wake onse, zotsala zimalowa mu chachiwiri, pofika chachitatu kope latha ndipo wakhala zaka ziwiri mu basi, mu ndege ndi mmahotela, alemba za chani? The Doors anatulutsa zimbale ziwiri mu 1967 mokha, zonse kuchokera mu nyimbo zimene anali nazo kale akuimba mmakalabu a ku Los Angeles. Pofika Waiting for the Sun mu 1968 thumba linali litapepuka, Jim Morrison akubwera ku situdiyo ataledzera, chinyimbo chachitali cha Celebration of the Lizard chimene amafuna chidzaze mbali yonse ya mbale chinakanika, anangotolapo kachidutswa, mpaka anakafukula Hello, I Love You imene anali ataijambulapo kale mu 1965. Chodabwitsa nchakuti chimbale chimenechi ndi chokhacho cha Doors chimene chinafika pa nambala 1 ku America. Be Here Now nachonso nambala 1 ku UK. Anthu amagula chachitatu chifukwa cha kukoma kwa chachiwiri, ndalama amalipira asanamve, nde ma chart asamakunamize.

The Strokes a ku New York nawo chimodzimodzi. Is This It cha 2001 chinali chachifupi, nyimbo 11, mphindi 36 zokha, chimatha iwe ukufunabe. Chachiwiri anthu anadandaula kuti chikufanana ndi choyamba, iwo nkumvera, anasintha wojambula kutenga David Kahne, First Impressions of Earth nkutuluka mu January 2006 ndi nyimbo 14, mphindi zoposa 50. Nyimbo zoyambirira ndi moto, You Only Live Once ndimaikonda mpaka lero, koma ukadutsa pakati umayamba kuyang'ana foni. Zitatero anakhala zaka 5 osatulutsa china.

Ku pop nkhani yake imasiyanako pang'ono, kumeneko amene amasochera nthawi zambiri amakhala akuthamangitsa fashoni. Ukukumbukira alongo ako mmene ankalimbirana kuti ndani akhale Scary ndani akhale Sporty a mu Spice Girls? Spice Girls anatulutsa Spice mu 1996 ndi Spiceworld mu 1997, Geri Halliwell nkuchoka mu May 1998, otsala anayi aja aliyense nkuyamba zake, ena ana, ena zimbale za okha. Pobwerera mu November 2000 ndi Forever anakatenga Rodney Jerkins kuti awapangire R&B ya ku America, ndiye zinamveka zaukhondo ndithu koma chisangalalo chija chaphokoso chimene anthu ankawakondera munalibe, anangokhala gulu lina lililonse loimba ngati Destiny's Child koma osafikapo. Ku UK anagonja kwa Westlife nkukhala nambala 2, ku America anathera pa 39, posakhalitsa gulu linangoti zii.

Tsono usanditenge ngati ndikunena kuti nambala 3 ili ndi tsoka, ayi. Chaka chomwecho cha 1997 Radiohead anatulutsa OK Computer, chachitatu chawo, The Verve anatulutsa Urban Hymns, chachitatunso, ndipo zonse ziwiri zinaphimba Oasis. Born to Run cha Bruce Springsteen cha 1975 ndi chachitatu, London Calling cha The Clash cha 1979 ndi chachitatu, Parklife cha Blur, adani a Oasis aja, nachonso chachitatu. Ukayang'anitsitsa ambiri mwa amenewa anali asanakhute, Springsteen zimbale zake ziwiri zoyamba sizinayende malonda ndipo amadziwa kuti akaphonyanso kampani imutaya, The Verve anali atathapo mu 1995 nkubwererana, Blur chachiwiri chawo sichinawapatse ndalama. Wina atha kunena kuti nanga Radiohead bwanji, si nawonso anapatsidwa ufulu ochita zofuna zawo? Zoona anapatsidwa, koma taona chimene anachita nawo. Mu 1996 ankatsegulira ma show a Alanis Morissette ku America nkumayesera nyimbo zatsopanozo pamaso pa anthu osawadziwa, Paranoid Android nthawi imeneyo inkafika mphindi 14, poijambula anaidula kufika mphindi 6 ndi theka. Awa akudula, Oasis akuonjezera, chaka chimodzi dziko limodzi.

Palinso gulu lina limene ine ndimaliikira kumbuyo, zimbale zimene zinakhumudwitsa anthu chifukwa choti anthuwo amafuna zomwe zija za dzana. Led Zeppelin III cha 1970, Jimmy Page ndi Robert Plant anakabindikira mu kanyumba kopanda magetsi ka Bron-Yr-Aur ku Wales nkubwerako ndi nyimbo zambiri za gitala yopanda magetsi, atolankhani ndi okonda phokoso nkukwiya, lero ndani angachinyoze. Arctic Monkeys a ku Sheffield, pafupi ndi kwanuko, anapita ku chipululu cha California kwa wojambula Josh Homme nkutulutsa chachitatu chawo Humbug mu 2009, chozizira, chamdima, ana amene ankafuna zodumpha anagwira mwala, koma popanda chimenecho chimbale chawo cha AM cha 2013 sichikanabadwa. Amenewa ndimawakhululukira ndi mtima onse poti anayesa njira ina. Be Here Now sichinayese kanthu, ndi Morning Glory yomweyo koma yonenepa.

Ngakhale ndachinyoza chonchi Stand by Me ndi Don't Go Away ndi nyimbo zabwino zedi, ndipo Liam sanaimbepo mwamphamvu kuposa mmene anaimbira mmenemo, iye mpaka pano amachiteteza pomwe mkulu wake amachinyoza, abale awa kugwirizana nkovuta kkkk. Ukafunse anzako akuntchito aja kuti pakati pa Noel ndi Liam walondola ndani pa nkhani imeneyi, koma ufunse nthawi yopuma chifukwa sadzamaliza msanga, ndipo undiuze zimene ayankhe.

Upereke moni kwa alamu ndi ana, uwauze kuti chitenje chija anaitanitsa tachipeza, tikudikira munthu wobwera kumeneko. Nsapato za mwana wamkulu uja ndi size 6 tsopano, si 5, usaiwale.

Ndine mnzako wa kuno ku Ndirande.