Dandaulo: ulendo wa ola limodzi unanditengera tsiku lonse

Kwa Oyang'anira Madandaulo a Makasitomala,

Bwana, zandifika pakhosi. Ndaimba foni kanayi, ndabwera ku ofesi yanu katatu, ndipo yankho lake ndi lomwe lija lakuti "tikuimbirani". Zonse za tikiti yanga muli nazo mu kompyuta yanu, sindizibwereza pano.

Mabwalo a ndege awiri, kumene ndinanyamukira ndi kumene ndinkapita, atalikirana makilomita osapitirira 450. Ndege imene tinakwera ndi ATR 72, yomwe imathamanga pafupifupi makilomita 500 pa ola. Ngakhale mwana wa pulayimale akhoza kuwerengera kuti umenewu ndi ulendo wa ola limodzi, kuwonjezapo timphindi toyenda pansi ndege isananyamuke komanso itatera. Pogula ndinafunsa, ndipo wogulitsa wanu anati ndi "direct". Ndiye ndinauza anthu amene ndinali nawo pa msonkhano kutsidya kwa malire kuti ndifika m'mawa womwewo.

Ndinafika madzulo. Ndege inakhotera kaye ku bwalo lalikulu la mumzinda wina, tinatsitsidwa, n'kukhala maola asanu pa benchi kudikira ndege ina. Palibe anatifotokozera kanthu. Msonkhano unatha ine ndikuyang'ana sikirini.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi mayi wa pa kauntala yanu, pa ulendo wanga wachiwiri wobwera ku ofesi yanu. Nditafotokoza, sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Anati, "Bambo, direct ndi non-stop n'zosiyana. Direct ndiye kuti nambala ya ndege sisintha, koma ikhoza kutera panjira. Mukanafunsa." Nditati ndinafunsa, anaseka n'kunena kuti, "Ndege si basi yoti muziilamula njira. Wotsatira!" Anthu onse pa mzere anamva. Ndinangoti kakasi.

Ndafufuza, ndipo n'zoona kuti m'chinenero chanu cha ndege mawu awiriwa amasiyana. Zikomo kwambiri chifukwa cha phunzirolo, kungoti lafika mochedwa komanso lakwera mtengo. Nanga bwanji amene anandigulitsa tikiti sanandiphunzitse ndisanalipire? Munthu akafunsa kuti ndifika nthawi yanji, amafuna amve ola. Safunsa za nambala ya ndege. Ndipotu ngakhale nthawi imene munalemba pa tikiti inadutsa ndi maola atatu. Zimenezonso ndi tanthauzo la direct?

Ulendo wachitatu ndinauzidwa kuti woona za madandaulo ali ku tchuthi, ndibwere sabata yamawa. Aka n'kachitatu kujomba ku ntchito chifukwa cha inu.

Ulendo wa pandegewu unali wodutsa malire, ndipo ndime 19 ya mgwirizano wa ku Montreal wa 1999 imati kampani ya ndege ili ndi udindo pa zimene wokwera wataya chifukwa cha kuchedwa. Ndikufuna mundibwezere ndalama za chipinda chimene ndinagona mosakonzekera, ndi za maulendo atatu obwera ku ofesi yanu. Malisiti ndaphatikiza. Ndikufunanso kalata yopepesa, yolembedwa, osati foni.

Mukapanda kuyankha pasanathe masiku 14, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loyang'anira maulendo a pandege. Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wina wa njira yomweyi. Ndayamba kale kufunsa za basi, poti ija munainyoza ija imanena poyera malo onse amene iime.

Ine wokhumudwa,
Kasitomala wanu